Nambala Naini Inali ya Amayi

Ofesi yanga inali kontena. Inde, kontena yeniyeni, ya zija zimadutsa pa mathiraki kupita kuboda, kungoti iyi anaiboola zenera limodzi, n'kuikapo zitsulo, n'kuitula pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa mashopu a pa Kamwendo. Dzuwa likafika pamutu munkatentha moti ndinkavula nsapato n'kuponda pa katoni. Ndinakhalamo zaka zisanu ndi chimodzi, ine ndi kompyuta, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la chitsulo chotentha mtima umandithamanga.

Ntchitoyo ndinaipeza chifukwa nditalemba fomu folo ndinakaphunzira kutayipa ku Lilongwe miyezi itatu. Zinali zaka zija mabungwe anadzaza m'boma lathu ndi mapampu opalasa ndi miyendo. Bungwe lina linabwera kudzathandiza kalabu ya alimi a m'dimba ya kumudzi kwathu, ndipo linkafuna mlembi wodziwa kompyuta. M'dera lonselo wodziwa pamene amayatsira chinthucho ndinali ine ndekha. Mutu unakula, ndisaname. Makiyi a kontena ndinkayenda nawo m'manja, osati m'chikwama, kuti pamsewu anthu awaone.

Kalabuyo inali yakale kuposa bungwelo. Inayamba ndili mwana, nthawi ija anthu ankakangana za nyali ndi tambala. Anthu angapo anagawana dambo la kumunsi kwa mudzi, anakumba ngalande, n'kukhoma zikhomo za muwanga m'malire. Aliyense wolowa ankapatsidwa kakhadi ka katoni kolembedwa nambala pamanja, ndipo nambala yomweyo ankailemba ndi penti pa chikhomo cha dimba lake. Nambala ya munthu ndiyo inali nambala ya dimba. Palibe amene analemba lamulo limenelo, aliyense ankangodziwa. M'dambomo mayina ankatsala kunyumba, anthu n'kumaitanana manambala. "A folo, tatsekani madziwo!" "A naini, mwadzuka bwanji?"

A naini anali amayi anga.

Amayi anabadwira mbali ya Zambia, m'mudzi woti ukakwera pachulu kwathu umaona madenga ake. Bambo anawatenga chitengwa, ndiye kwathu amayi anali obwera. Bambo anali munthu wa fodya, za dimba ankati n'zachizimayi. Amene anakumba ngalande, mng'ono wanga ali kumsana, ndi amayi, ndipo pakhadi panalembedwa dzina la amayi. Nthawi imeneyo kuno kunalibe zitupa za unzika. Kakatoni kaja ndiko kanali pepala lokhalo lonena kuti mayi ameneyu ali ndi malo akeake m'dziko muno. Ankakasunga m'chitini chakale cha mkaka pamodzi ndi makhadi athu a kusikelo.

Bambo atamwalira, mng'ono wawo, amene ife tinkati bambo aang'ono, anatenga minda ya fodya. Kenako anayamba kulankhula zosudzula, kuti alamu amasulidwe azibwerera kwawo. Amayi akakwiya chilankhulo cha kwawo chinkatuluka. "Manje ndipite kuti? Makolo anga anafa, dimba langa lili kuno." Bambo aang'ono dimbalo ankalifuna koopsa, chifukwa linali pafupi ndi kasupe ndipo silinkauma ngakhale mu Okutobala. Koma analibe pogwira, pakuti pakhadi panalibe dzina la mkulu wawo.

Pogwirapo ndinawapatsa ndine.

Bungwe linatuma bambo wina wa ku Lilongwe, wa imvi, wodekha, kudzandiphunzitsa kupanga kaundula wa mamembala mu kompyuta. Kaundula wotere ali ngati buku la mizere: munthu aliyense ali ndi mzere wake wopingasa, ndipo mizere yotsika, imene aphunzitsiwo ankaitcha makolamu, ina ndi ya dzina, ina ya mudzi, ina ya mbewu. Tsiku lachiwiri tinafika pa kolamu ya nambala. Anasiya kutayipa n'kutembenuza mpando.

"Apa pali njira ziwiri, mayi. Mutha kuisiya yotsegula, muzilembamo nokha nambala imene munthu wabwera nayo. Kapena muitseke, kompyuta izipereka yokha: woyamba kulembedwa wani, wachiwiri thuu, mpaka womaliza. Ikapereka yapereka. Simungasinthe, ndipo siibwereza nambala."

"Yotsekayo," ndinayankha asanamalize bwino.

"Ndikanakhala ine ndikanaika makolamu awiri. Ina ya kompyuta, kuti isasokoneze anthu a mayina ofanana. Ina ya nambala imene anthu akuidziwa kale."

Ine manambala akale ankandichititsa manyazi. Anthu awiri anali ndi 31 chifukwa mlembi wakale anasokoneza. Bambo wina anagawira ana ake dimba n'kudzilembera yekha 12A ndi 12B. Ofuna kulowa kumene analibe nambala n'komwe. Buku lakale nalo chiswe chinadya mlembi uja atamwalira, kunangotsala chikuto. Ndinkafuna kaundula woyera, wopanda zofufutafufuta, woti abwana akamuona adziwe kuti sanalembe ntchito munthu wamba.

"Mapanga awiri avumbwitsa," ndinatero, mwambi ndi mwambi, kuuza munthu wa imvi.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Chabwino. Anthuwa mukuwadziwa ndinu." Tinatseka kolamu ija, iwo n'kukwera minibasi kubwerera ku Lilongwe.

Lamlungu lake ndinali kumudzi, tili pakhonde kusenda mtedza ndi amayi, bambo aang'ono anatulukira pochokera kutchalitchi n'kukhala pa mpando wa malemu bambo. Anafunsa za ntchito. Abale inu, pakamwa panga! Ndinafotokoza zonse, manja ali m'mwamba, ngati kompyutayo ndinaipanga ndine.

"Ndiye woyamba kufika patebulo ndi wani?" anafunsa.

"Eya."

"Wachinayi ndi folo?"

"Chimodzimodzi."

"Nanga wina akadandaula pambuyo pake kuti nambala siyamukomere?"

"Ndiye wagwa nayo. Ngakhale ine sindingasinthe, ngakhale abwana. Kompyuta sinama, bambo, ndiponso sikondera."

"Zamakono," anatero, n'kutapa mtedza wodzaza dzanja. Amayi anangopitiriza kusenda.

Tsiku lolembetsa ndinafika mamawa n'kupeza bambo aang'ono ali kale pakhomo la kontena, njinga atatsamiritsa pa mango. Iwo analibe dimba, koma bungwe linali litatsegula khomo kwa aliyense wofuna kulowa chifukwa cha mapampu. Abwana a pulojekiti, bambo wa tayi amene ankachokera kuboma pa njinga yamoto, analengeza kuti aliyense wolandira khadi latsopano asiye lakale m'katoni, kuti pasapezeke munthu wokhala ndi makhadi awiri. Anthu anandandalika mzere mpaka kumsewu.

Ndili pazenera ndinkaona bambo aang'ono akupatuka. "Pitani patsogolo, mayi, mwachokera kutali." Patapita kanthawi, "Dutsani achimwene, ine sindikuthamangira kanthu." Munthu amene pamaliro ankayamba ndiye kusamba m'manja, lero akupatsa anzake mpata! Mtima wanga unafewa. Ndinati kapena ulaliki wa Lamlungu unawagwira. Anadutsa anthu asanu ndi atatu. Mayi wina wachikulire atafuna kudutsanso, bambo aang'ono anatambasula mkono n'kumutchinga. "Apa pokha ayi, mayi, nanenso ndatopa."

Ndinatayipa dzina lawo, pagalasi panatuluka 9. Ndinaiona ndi maso angawa. Ndinamwetulira n'kuti mumtima, taonani, nambala ya amayi yagwera m'banja lomwelo. Uchitsiru wanga unafika pamenepo. Ndinasindikiza khadi, ndinalipanira m'pulasitiki, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

Amayi anafika dzuwa litapendeka, matope ali kumapazi. Iwo sakanasiya anyezi osathirira chifukwa cha mzere. Kompyuta inawapatsa 143. Ndinawapatsa khadi lonyezimira n'kuwalozera katoni ija. Anamasula mfundo ya pakona ya chitenje, anatulutsa kakhadi kakale, kofewa ngati kansalu, koma sanakaponye.

"Aka ndikasunge, mwanawe."

"Amayi, aliyense wapereka."

"Sikalemera. Kazingokhala m'chitini."

Kumbuyo kwawo anthu anayamba kuseka chapansipansi. Abwana anali ataima pakhomo, manja m'thumba, akuyang'ana ngati mlembi wawo angathe kulamula mayi ake omubereka.

"Amayi, musandichititse manyazi pantchito."

Ndinatulutsa dzanja pakati pa zitsulo za zenera n'kusolola kakhadi kaja m'zala zawo. Sanalimbane nane. Anangoyang'ana zala zawo kanthawi, n'kumangirira latsopanolo pachitenje, n'kumapita. Titaweruka tinakhuthulira katoni yonse mu mgolo kuseri kwa kontena. Machesi ndinayatsa ndine.

Sipanathe masabata awiri. Tsiku lina chakumasana ndinangoona amayi aima pazenera, opanda dengu, opanda moni.

"Bambo ako aang'ono ali pachikhomo changa ndi khasu. Akuti naini ndi iwo. Khadi ali nalo, akuonetsa aliyense."

Ndinaseka, kuseka kwa mantha. "Imeneyo si nambala ya dimba, amayi."

"Ndiye ndi ya chiyani?"

Ndinayamba kufotokoza za mizere ndi makolamu, koma amayi anandidula.

"Konza," anatero. "Unalemba ndiwe, konza."

Anakhala pansi pa mango kudikira, ine n'kutembenukira kompyuta. Ndinaloza pa 143 kuti ndifufute ndilembe 9. Kompyuta inangolira kuti ti! Ndinayesanso, ti! Ndinaganiza zochotsa mzere wonse wa bambo aang'ono kuti naini itsale yopanda mwini ndiipatse amayi. Mwayi wake ndinayamba ndayesera pa munthu wongopeka. Ndinamulemba, analandira 188, ndinamuchotsa, ndinalemba wina. Wachiwiriyo analandira 189. Nambala 188 inapita osabweranso. Apo ndinadziwa kuti ndikachotsa bambo aang'ono, naini ifera mu kompyuta, koma khadi likhalabe m'thumba mwawo.

Ndinathamangira pa telefoni ya pashopu kukaimbira aphunzitsi aja. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Nambala imeneyo ndi ya kompyuta, yoti izizindikirira mizere yake," anatero. "Sinafunike kutuluka pakhadi n'komwe."

"Koma yatuluka. Ili pa makhadi onse."

"Kolamu yachiwiri ija munadzaiika?"

"Ayi."

"Makhadi akale alipo?"

"Tinawotcha."

Kenako anangoti, "Aa, mayi." Anandiuza kuti njira yokha ndi kupanga kaundula watsopano ndi kusindikizanso makhadi onse, koma zimenezo n'zofuna chilolezo cha abwana.

Abwana atabwera mawa lake anandimvetsera chipewa cha njinga yamoto chili m'manja. Anati bungwe sililowerera nkhani za m'banja. Anati lipoti linapita kale ku Lilongwe lonena kuti kulembetsa kunayenda bwino kwambiri, ndipo mapampu akubwera mwezi wamawa potsata kaundula ameneyu. "Mukufuna ndikanene kuti mlembi wathu analakwitsa, tiyambirenso? Ndikanena, mukudziwa chimene adzandiyankhe." Ndinkadziwa. Azing'ono anga awiri anali kusekondale, ndipo chimene chinkawasunga kumeneko ndi kontena yomweyi. Ndinati zikomo bwana, n'kubwerera pampando wanga.

Wina angafunse kuti nanga enawo, si onse manambala anasintha? Anasinthadi. A folo anakhala 52, a wani anakhala 17, ndipo ankasekana nazo m'dambo, aliyense akuthirira dimba lake lomwe lija. Palibe amene ankafuna malo awo. Pepala limaluma pokhapokha pali munthu woligwira amene akukusaka, ndipo m'dambo lonselo wosakidwa anali mayi wamasiye wochokera kuseri kwa malire.

Komiti ya kalabu inaitanitsa mlandu Loweruka m'mawa, pansi pa mkuyu wa m'mphepete mwa dambo. Ine anandiuza kuti ndibwere ndi kaundula wosindikiza. Wapampando anali a wani akale, bambo amene anakumba ngalande limodzi ndi amayi, amene ankadziwa chilichonse. Koma komiti inali itasaina malamulo atsopano onena kuti membala ndi amene ali ndi khadi latsopano, ndipo abwana anali pomwepo pampando wapulasitiki. Aliyense ankaganiza za pampu yake.

Bambo aang'ono analankhula modekha ngati mkulu wa mpingo. Anati dimbalo linali la malemu mkulu wawo, alamu ankangolima monga mkazi wa pabanja, ndipo tsopano ngakhale makina a bungwe aona choonadi. Anakweza khadi, dzuwa linawala papulasitiki.

Wapampando anatembenukira kwa ine. "Mlembi, tiwerengereni. Nambala naini ndi ndani?"

"A tcheya, nambala iyi ilibe tanthauzo. Kompyuta imangopereka potsata amene wafika..."

"Ilibe tanthauzo?" anandidula bambo aang'ono. "Ndiye munatiimika padzuwa tsiku lonse chifukwa cha chinthu chopanda tanthauzo? Bwana, mwamva mlembi wanu? Mwana uyu anandiuza yekha pakhonde, mayi ake ali pomwepo, kuti kompyuta sinama ndiponso sikondera. Lero yakhudza mayi ake ndiye yayamba kunama?"

Anthu anang'ung'udza. Abwana ankayang'ana nsapato zawo.

"Munawerenga anthu pamzere!" ndinakuwa. "Ndinakuonani! Munadutsitsa anthu eyiti dala!"

"Kupatsa mpata akuluakulu wasanduka mlandu? Chabwino. Ngati alamu ali ndi khadi la naini, alitulutse tilione, ine ndichoka pompano."

Anthu onse anayang'ana amayi. Amayi anayang'ana ine.

"Khadi lawo ndinawotcha ndine," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono.

Mayi amene anali a folo anaimirira, chitenje akumanga. "Inu anthu, tisapusitsane. Tonse pano tikudziwa amene anakumba dimba lija. Ine ndinkamugwirira mwana."

"Kudziwa tikudziwa," anayankha wapampando osadzutsa mutu. "Koma tilemba chiyani? Mlembi, werengani."

Ndinafuna kung'amba pepalalo. Ndinafuna kuwerenga dzina la amayi, zivute zitani. Koma abwana anali ndi pepala lawo lofanana nalo pamwendo, ndipo ndinkaona nkhope za azing'ono anga. Chala changa chinatsika mizere mpaka wachisanu ndi chinayi. Ndinawerenga dzina la bambo aang'ono, mokweza, momveka bwino, monga anandiphunzitsira kusukulu.

Chigamulo chinali chakuti amayi akolole anyezi amene anali m'dimbamo, kenako achoke. Dambo likadzakuzidwa adzapatsidwa malo ena potsata manambala. Madimba onse sankafika n'komwe makumi asanu ndi limodzi, ndipo amayi anali 143. Pobwerera ndinkayenda pambuyo pawo, kudikira kuti anditukwane. Ndinkalakalaka atanditukwana, atandimenya ndi chikuni. Anangondifunsa ngati ndidye ndisanabwerere ku Kamwendo.

Ku Zambia sanabwerere. Akanakafikira kwa yani? Anakhalabe m'nyumba ya malemu bambo, m'mudzi woti aliyense ankawapatsa moni mwaulemu koma mowadutsa msanga. Anadzala mpiru pang'ono kuseri kwa bafa, wothirira madzi otsukira mbale. Tsiku la msika ankapikula tomato m'dambo lomwe lija n'kudzagulitsa pa Kamwendo, ndipo njira yawo inkadutsa pazenera langa. Ankaima, dengu lili pamutu, n'kundisiyira tomato awiri pa zitsulo. Za dimba sanatchulenso ngakhale kamodzi. Kusatchulako ndiko kunkandidya.

Ine ndinatsala m'kontena. Kumapeto kwa mwezi uliwonse ndinkasindikiza kaundula, ndipo mzere wachisanu ndi chinayi unkatuluka pamwamba penipeni, pamene diso silingaphonye. Pampu italandiridwa, ndinalemba ndine pa naini. Mbewu ya chimanga ikabwera, pa naini. Bambo aang'ono ankabwera kudzasaina, n'kundifunsa ngati ntchito ikuyenda. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndinkayankha kuti ikuyenda, bambo. Ndinalembera makalata ofunsira ntchito kuboma, kwa okonza mapepala a katundu kuboda, ngakhale ku Lilongwe, koma palibe anayankha. M'mawa uliwonse ndinkatsegula loko, kulowa, kuyatsa chinthu chimene ndinachitseka ndekha. Makiyi ndinayamba kuwaika m'chikwama.

Patapita zaka zitatu abwana aja anasamutsidwa. Amene anabwera m'malo mwawo anali mayi wina, ndipo nditawafotokozera anangoti, "Ikani kolamuyo, chovuta n'chiyani?" Ndinaiika tiyi wanga asanazizire. Chinthu chimene ndinachikana ndi mwambi chinali chongodina kangapo basi. Pamwamba pake ndinalemba kuti: nambala imene munthu anabwera nayo. Ndinaisiya yotsegula, yolola 31 iwiri, yolola 12A ndi 12B, yolola kukhala yopanda kanthu kwa amene analibe.

Poti makhadi ndinawotcha, ndinayenda pa njinga khomo ndi khomo kufunsa pakamwa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaiwala nambala yake yakale. Ena ankandiuza ndi za oyandikana nawo ndisanafunse. Wapampando uja, atakalamba ndipo atasiya udindo, anandilandira pamphasa n'kundiuza yekha, "A naini ndi mayi ako, aliyense akudziwa." Ndinamuyang'ana mpaka anatembenuza nkhope. Komiti yatsopano nditaionetsa inati izi n'zokumbukira chabe, si pepala, ndipo munthu walima zaka zitatu, wadzala nthochi ndi mizimbe, kumuchotsa n'kuyambitsa nkhondo m'mudzi. Madzi akatayika saoleka, anatero mlembi wawo, ngati akundiuza zachilendo.

Komabe ndinkafuna kuti penapake, ngakhale mu kompyuta mokha, naini ikhale pambali pa dzina la amayi. Khomo lawo ndinalisiya lomaliza. Ndinawapeza masana akusankha tomato pakhonde, aakulu uku, aang'ono uku. Ndinakhala pansi n'kutulutsa pepala ndi cholembera.

"Amayi, ndakonza kaundula uja. Tsopano muli malo a nambala yakale. Ndikufuna ndilembe naini pa dzina lanu."

"Dimba libwera?"

"Ayi, amayi."

Anagwedeza mutu n'kuika tomato wina pamulu wa aang'ono.

"Ndione khadi lanu, nditsimikize mzere."

Mzerewo ndinkaudziwa pamtima. Ndikuganiza kuti ndinkangofuna andipatse kanthu m'manja. Anapukuta zala pachitenje n'kumasula mfundo ya pakona. Khadi lija sanaliike m'chitini ngati lakale, ankayenda nalo pathupi zaka zonsezo, pulasitiki itayamba kusendeka m'mbali. Ndinatambasula dzanja.

Amayi anabweza khadilo pachifuwa. Analigwira ndi manja onse awiri, n'kulitembenuzira kwa ine.

"Werenga uli pomwepo."

Ndinabweza dzanja langa. Ndinawerenga ndili pomwepo, 143, ndipo pambali pake ndinalemba 9. Amayi anabwezera khadi pakona ya chitenje, anamanga mfundo, n'kumanganso yachiwiri.